Magazi obisika m'chimbudzi

Nkhani ya chimbudzi sitikambirana pagulu, koma lero mutikhululukire, tiikamba. Khansa ya m'matumbo akulu kawirikawiri imayamba ngati kachotupa komwe kamatenga zaka kuti kasanduke khansa. Nthawi zina kamadontha magazi ochepa zedi, osaoneka ndi maso.

Magazi amenewa ndiwo madokotala amasaka. Mu 1993 kafukufuku wa ku Minnesota, ku America, anaonetsa kuti kuyeza chimbudzi chaka ndi chaka kunachepetsa imfa za khansayi ndi gawo limodzi mwa atatu.

Ku England kachipangizo kotchedwa FIT kamafika pa positi zaka ziwiri zilizonse kwa anthu a zaka 50 mpaka 74. Kamathandiza kudziwa kuchuluka kwa magaziwo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 2019 England inaika malire pa mamaikologalamu 120 a hemoglobini pa galamu imodzi ya chimbudzi, pamene Scotland inasankha 80 mu 2017. Malire akatsika, khansa zambiri zimagwidwa msanga, koma mzere wa odikira kuunikidwa m'matumbo ndi kamera umatalika. Kwa munthu wodandaula kale m'mimba, 10 yokha imakwanira kumutumiza kwa katswiri.

Ambiri opezeka ndi magazi alibe khansa. Kuno kwathu likodzo, kamwazi ndi mudzi zimatulutsanso magazi, ndiye anthu amazolowera. Koma wachikulire amene wamwa mankhwala koma magazi sakuleka, akuonda, kapena chimbudzi chasintha kwa masabata angapo, abwerere kuchipatala akapemphe kuunikidwa m'matumbo.