Chithupsa Chikalowa M'magazi

Chithupsa ndi matenda amene m'makomo mwathu sitiwawerengera kwenikweni. Mwana akatuluka chithupsa m'khwapa kapena patako timangoti chipsa chokha, chiphulika, basi. Nthawi zambiri zimaterodi. Koma kachirombo kamene kamayambitsa chithupsa ndi komweko kamene kakalowa m'magazi kamatha kupha munthu wamphamvu zake m'masiku owerengeka. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha kachiromboka kanatengapo mbali pa imfa za anthu oposa 1 miliyoni pa dziko lonse.

Kachirombo kake nkotani?

Dzina lake ndi Staphylococcus aureus, koma madokotala amangodula kuti staph. Kali m'gulu la tizirombo totchedwa mabakiteriya. Mu 1880 Alexander Ogston, dokotala wa maopaleshoni wa ku Aberdeen ku Scotland, anayang'ana mafinya pa makina okuza zinthu ndipo anaona timibulu tounjikana ngati tsango la mphesa. Dzina loti Staphylococcus linachokera ku mawu a Chigiriki onena za tsangolo. Mu 1884 Friedrich Rosenbach wa ku Germany anawonjezera liwu loti aureus, kutanthauza golide, poona mtundu wachikasu wa tiziromboti tikachuluka.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda ndi kachiromboka m'mphuno koma osadwala. Mavuto amayamba khungu likang'ambika. Khomo lake likhoza kukhala pamene pabaya mbedza kapena munga wa nsomba, mphini, bala la jando, mchombo wa khanda, chilonda cha paphazi cha munthu wa matenda a shuga, ngakhalenso pamene panalowa singano ya diripi kuchipatala.

Zida zake ndi poizoni

Chimene chimachititsa staph kukhala woopsa ndi poizoni amene amatulutsa, ndipo alipo wamitundumitundu.

Woyamba amatchedwa alpha toxin. Tizidutswa 7 ta poizoniyu timalumikizana ngati mphete pa khungu la selo nkubowola pakati. Selo lobowoka lili ngati bwato lobowoka pansi: za kunja zimalowa, za m'kati zimatuluka, mapeto ake limafa. Poizoniyu amawononga m'kati mwa mitsempha ya magazi. Amasokonezanso timaselo tothandiza kuti magazi aundane pabala, nkumatiunjika pamodzi mpaka kutseka timitsempha ta m'chiwindi. Madokotala anaona kuti wodwala amene timaselo timeneti tachepa kwambiri m'magazi mwake amakhala pa ngozi yaikulu ya imfa.

Wachiwiri ndi PVL, amene anafotokozedwa ndi Philip Panton ndi Francis Valentine ku London mu 1932. Ameneyu amalimbana ndi maselo oyera a m'magazi, aja timawatcha asirikali a m'thupi. Amawabowola nkuwapha, ndipo mbali yaikulu ya mafinya amene timaona ndi mitembo ya asirikali amenewa. Staph wokhala ndi PVL ndiye amakonda kubweretsa zithupsa zobwerezabwereza, zotupa za m'kati mwa mnofu, komanso chibayo choopsa chimene chimadya mapapo a ana ndi achinyamata. Kafukufuku wasonyeza kuti staph wa mtundu umenewu ndi wofala kwambiri kuno ku Africa kusiyana ndi ku Ulaya.

Wachitatu ndi wa machenjera ena. Iye sapha asirikali a m'thupi koma amawapenetsa misala. Thupi likalowedwa ndi mdani, pamadzuka kagulu kochepa chabe ka asirikali kamene kakumudziwa mdaniyo. Koma poizoni wotchedwa TSST-1 amatha kudzutsa mpaka mmodzi mwa asanu alionse a gulu la maselo a T nthawi imodzi. Zili ngati mfuu yakuti "wakuba!" usiku, mudzi wonse nkudzuka ndi zibonga kumamenyana okhaokha mumdima. Thupi limatentha kwambiri, khungu limachita zidzolo, magazi amasiya kuyenda mwamphamvu, impso ndi chiwindi zimafooka. Matendawa anafotokozedwa ndi Dr James Todd wa ku Denver ku America mu 1978, atawaona mwa ana.

Abale ake a poizoniyu ndi amene amatisanzitsa patangopita maola ochepa tadya chakudya chimene chagwidwa ndi manja a zilonda nkugonera pofunda. Kutenthetsanso chakudyacho kumapha kachirombo koma poizoni wake amatsala.

Wachete nayenso ngoopsa

Munthu angaganize kuti staph wa poizoni wambiri ndiye amene amapezeka m'magazi nthawi zonse. Sizili choncho ayi. Mu 2015 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Ruth Massey wa pa yunivesite ya Bath ku England linayerekeza staph wotengedwa m'mphuno ndi pakhungu ndi staph wotengedwa m'magazi a odwala. Linapeza kuti wa m'magazi nthawi zambiri amatulutsa poizoni wocheperapo.

Nanga zimatheka bwanji? Tiziromboti tili ndi njira yodziwira kuchuluka kwake pamalo, imene akatswiri amaitcha agr. Tikaona kuti tachuluka, monga m'chithupsa, njirayi imatsegula poizoni. Koma kupanga poizoni kumadya mphamvu, komanso kumadzutsa asirikali a m'thupi. Tizirombo tina tikakhala m'magazi njira ija imafa, ndipo timasiya phokoso nkuyamba kukakamira. Timamata pa timapaipi ta diripi ndi pa zitseko za m'kati mwa mtima, nkudziphimba ndi tonanda ngati ndere pamwala, moti mankhwala amavutika kutifikira. Tina timabisala m'kati mwa maselo a munthu yemweyo.

Choncho matendawa ali ndi njira ziwiri. Staph waukali akhoza kugwetsa munthu m'masiku awiri kapena atatu. Staph wachete ali ngati ng'ona yongotulutsa mphuno pamadzi: amakhalitsa m'magazi, nkukamanga m'fupa, mumsana, m'bondo kapena mumtima, ndipo amadzaonekanso patapita masabata wodwala akuganiza kuti anachira. Thupi la wodwalayo nalo lili ndi gawo lake. Makanda, okalamba, a matenda a shuga kapena a impso, ndi amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV amagonja msanga.

Chithandizo chilipo

Mu 1941, mankhwala a penicillin asanafale, madokotala a ku Boston analemba za odwala 122 amene anali ndi staph m'magazi, ndipo 82 mwa 100 alionse anamwalira. Penicillin anasintha zinthu, koma kachiromboka kanaphunzira kumupewa. Mu 1961 ku Britain kunapezeka mtundu wosamva ngakhale mankhwala atsopano a nthawiyo, umene umatchedwa MRSA. Lero, ngakhale m'zipatala za zipangizo zonse, pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu amamwalira. Katemera wake sanapezekebe.

Mankhwala amapha kachirombo koma sachotsa poizoni amene watuluka kale. Nchifukwa chake tsiku lililonse lozengereza limapatsa poizoni mpata. Kuchipatala amatenga magazi kukayeza, amatumbula pamene pali mafinya, ndipo amachotsa kapaipi kamene kagwidwa. Nthawi zina amawonjezera mankhwala monga clindamycin amene amaletsa kachiromboka kupanga poizoni. Mankhwala ake amafunika masiku osachepera 14, ndipo matenda akafika mumtima kapena m'fupa amatenga masabata 4 mpaka 6. Makolo ena akaona mwana wayamba kudya ndi kusewera amapempha kutuluka. Kutero nkusiya staph wachete uja akadali moyo.

Tichitenji pakhomo?

Kuno kunyanja thupi likatentha timathamangira kuganiza malungo. Koma ngati ayeza malungo osawapeza, kapena mwamwa LA osasintha, ndipo pathupi pali chithupsa kapena bala, auzeni a dokotala za balalo ngakhale litaoneka laling'ono. Musagone naye m'nyumba wodwala amene akunjenjemera, akupuma mothamanga, akubwebweta, akukodza pang'ono, kapena mwana amene akukana kuponda mwendo umodzi.

Musafinye chithupsa, makamaka cha pamphuno ndi pamlomo wam'mwamba, pakuti mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'mutu. Chithoweni ndi kansalu koyera ka madzi ofunda. Bala lililonse litsukeni ndi sopo ndi madzi aukhondo nkulimanga. Pamchombo wa khanda ndi pabala la jando pasapakidwe phulusa, dothi kapena zitsamba. Osabwerekana lezala kapena thaulo. Ndipo chizolowezi chogula makapusozi awiri atatu pamsika tichisiye, chifukwa mankhwala osakwanira ndiwo amaphunzitsa kachirombo kusamva mankhwala.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Chithupsa chikadali pakhungu chithandizo chake nchapafupi, koma chikalowa m'magazi chimafuna bedi la kuchipatala ndi masabata a jakisoni. Abale ndi alongo, tiyeni tizipita msanga.