Chiphaso cha dotolo ndi kalata ya ku polisi: zimateteza wodwala mpaka pati?

M'mwezi wa February chaka cha 1976, dotolo wina wachinyamata adaonekera m'bwalo la milandu m'tauni ya Halifax, kumpoto kwa dziko la England. Mlandu wake udali wolemba makalata achinyengo otengera pethidine, mankhwala amphamvu opha ululu, omwe iye mwini ankadzibaya. Adauvomera mlanduwo ndipo bwalo lidamulipiritsa chindapusa cha mapaundi 600. Bungwe loyang'anira madotolo m'dzikolo, la General Medical Council, lidaimva nkhaniyi koma lidangomulembera kalata yomuchenjeza. Dzina lake lidakhalabe m'kaundula, ndipo chaka chotsatira adapeza ntchito m'tauni ya Hyde, kufupi ndi mzinda wa Manchester.

Dotoloyo adali Harold Shipman. Pa 31 January 2000 bwalo lalikulu lidamupeza wolakwa pa mlandu wopha odwala ake 15. Kafukufuku wa boma yemwe adatsogolera woweruza Dame Janet Smith adapeza pambuyo pake kuti anthu omwe adawapha adaposa 200, ndipo mwina adafika 250. Ambiri adali amayi okalamba omwe ankawayendera kunyumba kwawo n'kuwabaya jakisoni wa diamorphine wopyola muyeso. Anthu a ku Hyde ankamukonda chifukwa ankafika pakhomo osadikira kuitanidwa kawiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani imeneyi ndi yakutali, koma mafunso omwe idasiya ndi omwewo amene mabungwe opereka ziphaso kwa ogwira ntchito zachipatala akulimbana nawo ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Pretoria. Munthu asanaloledwe kugwira thupi la wodwala, mbiri yake ifufuzidwe motani? Nanga ndalama zofufuzira zichoke m'thumba la yani?

Mbiri idalipo, woiwerenga padalibe

Chomvetsa chisoni pa nkhani ya Shipman n'chakuti mlandu wake wakale sudali wobisika. Madotolo omwe adamulemba ntchito ku Hyde adaudziwa, poti adawauza yekha. Koma pamene mbiriyo idafunika kwenikweni, palibe adaitsegula.

Oyamba kudabwa sadali akuluakulu a m'maofesi. Adali anthu a kampani yokonza maliro, omwe adaona kuti odwala a dotoloyu ankapezeka atafa m'njira yofanana: ali okha m'nyumba, atavala bwino, atakhala pampando. Woyendetsa takisi wina naye adayamba kulemba mayina a nkhalamba zomwe ankazinyamula masiku onse zikungotha imodzimodzi. M'mwezi wa March 1998 dotolo wa chipatala choyandikana, Linda Reynolds, adakanena kwa mkulu wofufuza za imfa kuti makalata a maliro ochokera kwa Shipman achuluka modabwitsa. Apolisi adafufuza kwa masabata ochepa n'kutseka nkhaniyo mu April. Kafukufuku wa Dame Janet Smith adapeza kuti apolisiwo sadayang'ane n'komwe ngati munthuyu adapezekapo ndi mlandu. Nkhaniyo itatsekedwa, adaphanso anthu atatu. Womaliza adali Kathleen Grundy, mayi wa zaka 81, ndipo chidamugwiritsa Shipman n'chakuti adapeka kalata yogawa chuma cha mayiyo n'kudzilembera yekha pafupifupi chonse. Mwana wa malemuwo, yemwe adali loya, adaikayikira kalatayo.

Kuchokera nthawi imeneyo dziko la Britain lakhwimitsa zinthu zambiri, zina chifukwa cha nkhaniyi, zina chifukwa cha milandu ina yozunza ana ndi okalamba. Mu 2002 lidatsegula ofesi yofufuza mbiri ya milandu ya ofuna ntchito, yomwe kuyambira mu December 2012 ikutchedwa Disclosure and Barring Service. Ofesiyi simangonena za milandu yomwe munthu adagamulidwa. Imasunganso mayina a anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza, ndipo woletsedwa akafunsira ntchito yotero wapalamula kale. Mu December 2024 mtengo wa kufufuza kozama udafika mapaundi 49.50, koma ogwira ntchito mongodzipereka salipira. Madotolo nawo kuyambira mu 2012 amaunikidwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo anamwino kuyambira mu 2016 amatero zaka zitatu zilizonse. Chiphaso sichikhalanso cha moyo wonse ngati satifiketi ya sukulu.

Namwino wa kuno pa chipata cha ku London

Malamulo amenewa amakhudza mabanja ambiri m'chigawo chino, chifukwa anamwino ochokera ku Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi South Africa akhala akupita ku Britain kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Namwino wofuna kulembetsa ku bungwe la kumeneko, la Nursing and Midwifery Council, amayenera kupereka kalata ya ku polisi yochokera m'dziko lililonse lomwe wakhalamo miyezi 12 kapena kuposa m'zaka khumi zapitazo. Ofesi yoona zolowa ndi kutuluka nayo yakhala ikufuna kalata yotero kwa ogwira ntchito zachipatala kuyambira mu 2017. Choncho mtsikana wa ku Chipata yemwe adagwirapo ntchito zaka ziwiri ku Gaborone amafunika kudinda zala ku Zambia, kenaka n'kulondolanso kalata ina ku Botswana.

Ndalama nazo si zochepa. Mu 2023 kuunika mapepala kunkadya mapaundi 140, mayeso a pa kompyuta 83, mayeso oonetsa luso pamaso pa oyesa 794, ndipo kulowa m'kaundula 153. Zonse pamodzi zinkakwana mapaundi 1,170, osawerengera mayeso a Chingerezi ndi ulendo. Kwa namwino wa boma ku Malawi awa ndi malipiro a miyezi ingapo. Zipatala zambiri za ku Britain zimabweza zina mwa ndalamazi, koma kawirikawiri zimamanga namwinoyo ndi pangano loti akachoka msanga adzazibweze. Akalowa m'kaundula amalipiranso chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka khumi kuyambira mu 2015 ndalamayo idali mapaundi 120.

Pali pepala lina lomwe nthawi zina limavuta kuposa la ku polisi. Ili ndi kalata yochokera ku bungwe la anamwino la kwawo, yotsimikiza kuti munthuyo adaphunziradi, ali m'kaundula ndipo alibe mlandu wa pantchito. Ku Zimbabwe anamwino ambiri akhala akudandaula m'zaka zaposachedwa kuti adalipira madola 300 a ku America koma kalatayo idakhala miyezi, ena zaka, osatuluka. Nkhawa ya boma njomveka: mu 2023 bungwe la World Health Organization lidaika Zimbabwe ndi Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, pomwe Malawi ndi Mozambique adalipo kale. Komabe kalata yomwe idapangidwa kuti iteteze wodwala ikasanduka chingwe chomangira wantchito, anthu amayamba kuiona ngati msonkho chabe. Ena amatembenukira kwa madobadoba olonjeza mapepala achangu, ndipo apo ndi pomwe chinyengo chimalowera.

Zomwe kalata ya ku polisi sinena

Kalata ya ku polisi imanena chinthu chimodzi: kuti mwini zala izi adapezekapo kapena sadapezekepo wolakwa m'bwalo la milandu la dziko limenelo. Sinena za namwino yemwe adagwidwa akuba mankhwala, chipatala n'kungomuuza kuti atule pansi udindo mwakachetechete poopa manyazi. Sinena za wothandiza dotolo yemwe adagwirira wodwala, nkhani n'kuthera pa bwalo la amfumu ndi mbuzi ziwiri. Munthu wotere amasamukira boma lina ali ndi kalata yoyera mbee.

Sinenanso ngati munthuyo adaphunziradi. Ku Britain komweko mayi wina, Zholia Alemi, adalowa m'kaundula wa madotolo mu 1995 ndi digiri yabodza yonena kuti idachokera ku yunivesite ya Auckland, ku New Zealand. Adagwira ntchito ya udotolo wa matenda a m'maganizo zaka zoposa 20. Adamutulukira ndi mtolankhani wa nyuzipepala yaing'ono mu 2018, ndipo mu 2023 adalamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Kalata imodzi yofunsa ku yunivesiteyo ikadatseka khomo pachiyambi pomwe.

Kumbali inayi, kalata yomweyo ikhoza kulanga munthu kawiri. Mnyamata yemwe adalipitsidwa chindapusa chifukwa cha ndewu ya pa mpira ali ndi zaka 19 sali pa mulingo umodzi ndi wozunza ana. Dziko la South Africa lidayesa kusiyanitsa zimenezi. Lili ndi kaundula wapadera wa olakwira malamulo okhudza kugwirira, ndi wina wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana pansi pa lamulo la ana la 2005. Koma limalolanso munthu wa mlandu waung'ono kupempha kuti ufufutidwe pakatha zaka khumi osapalamulanso. Bungwe lanzeru limafunsa kuti mlanduwo udali wotani, udachitika liti, ndipo ukukhudzana bwanji ndi ntchito yomwe munthu akufuna. Mlandu wa Shipman udali wa mankhwala oopsa, ndipo adaphera anthu mankhwala a mtundu womwewo. Umenewo ndiwo udafunika diso la zaka zambiri.

Ndalama ya chiphaso imapita kuti?

M'mayiko a kuno ntchito yosunga kaundula ili m'manja mwa mabungwe okhazikitsidwa ndi lamulo. Ku Malawi kuli Medical Council of Malawi, pansi pa lamulo la 1987, ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, pansi pa lamulo la 1995. Ku Zambia kuli Health Professions Council of Zambia ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia. Ku South Africa kuli Health Professions Council of South Africa ndi South African Nursing Council, ndipo ku Mozambique kuli Ordem dos Médicos ndi Ordem dos Enfermeiros. Mabungwe otere amalemba omaliza maphunziro, amamva madandaulo, ndipo ali ndi mphamvu yoimitsa kapena kuchotsa m'kaundula wophwanya mwambo wa ntchito. Gawo lalikulu la chuma choyendetsera zonsezi limachokera ku ndalama zomwe madotolo, anamwino ndi azamba amalipira polembetsa ndi pokonzanso ziphaso chaka ndi chaka.

Wolipira amadandaula, ndipo nthawi zambiri ali ndi mfundo. Namwino wa kuchipatala chakumudzi amataya tsiku ndi ndalama yoyendera kuti akalipire kapena kukadinda zala. Womaliza kumene sukulu, yemwe makolo ake adagulitsa fodya, mtedza kapena ng'ombe kuti aphunzire, amafunika chiphaso chamoyo kuti afunsire ntchito, pamene ntchitoyo mwina aidikira zaka ziwiri kapena zitatu. Kulipiritsa wosagwira ntchito mofanana ndi wolandira malipiro n'kusaganiza bwino, ndipo mabungwe omwe amatero ayenera kuunikanso.

Koma kuthetseratu ndalamayi popanda china cholowa m'malo n'kugwetsa mpanda wa munda mbuzi zili pafupi. Bungwe lopanda mafuta a galimoto silingapite kukayendera chipatala cha munthu payekha pa tauni yaing'ono ya m'malire. Silingaitane mboni, silingalembe loya. Limangotsala ofesi yodinda mapepala, ndipo kuopsa kwa pepala lodindidwa popanda woyendera kudaoneka ku Gauteng mu 2016. Boma la chigawocho lidasamutsa odwala matenda a m'maganizo oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita kumalo osungirako anthu a mabungwe ang'onoang'ono. Anthu 144 adamwalira, ambiri ndi njala, ludzu ndi kusowa chisamaliro. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba la mu February 2017 lidapeza kuti mabungwe onse 27 omwe adalandira odwalawo ankagwira ntchito ndi ziphaso zosavomerezeka. Mapepala adalipo ndithu, atasainidwa.

Choncho funso loyenera kwa mabungwewa si lakuti akulipiritsiranji, koma lakuti ndalamayo yagwira ntchito yanji. Madandaulo angati adafika chaka chatha, ndipo angati adamveka? Ochotsedwa m'kaundula ndi angati, ndipo mayina awo adatumizidwa ku mabungwe anzawo a m'mayiko oyandikana? Malire a Mchinji, Dedza, Forbes ndi Beitbridge amawoloka anthu tsiku ndi tsiku, ndipo woletsedwa kutsidya lino akhoza kutsegula kachipatala kutsidya linalo sabata yomweyo. Popeza woteteza ndi dziko lonse, boma nalo liyenera kuikapo gawo lake, osasiyira katundu yense namwino wa malipiro ochepa.

Mbali ya anthu akumudzi

Mlimi sangathe kufufuza zidindo za zala, koma ali ndi ufulu wofunsa. Munthu wotsegula malo obayira jakisoni pamsika, kapena wobwera ndi galimoto n'kumati akuyeza matenda onse ndi kamakina kamodzi, ayenera kuonetsa chiphaso cha chaka chimenecho chokhala ndi dzina lake ndi nambala ya m'kaundula. Chovala choyera si umboni, poti chimagulidwa pa kaunjika. Ku South Africa mabungwe onse awiri ali ndi kaundula wa pa intaneti, moti aliyense wokhala ndi foni akhoza kuyang'ana dzina. Kwina kumafunika kuimba foni ku bungwe kapena kufunsa ku ofesi ya zaumoyo ya paboma.

Mabungwe omwe si aboma ndi mipingo yoyendetsa zipatala ali ndi udindo wokulirapo. Polemba munthu ntchito, kalata ya ku polisi ikhale poyambira chabe. Afunse ku bungwe lopereka ziphaso ngati nambalayo ndi yake, ndipo alankhule ndi komwe ankagwira kale, osangokhulupirira kalata yomwe wabwera nayo yekha. Akamuchotsa chifukwa cha kuba mankhwala kapena kuzunza wodwala, alembere bungwe loyang'anira, ngakhale zitachititsa manyazi chipatala.

Makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi alangizi a zaumoyo amaona zinthu zomwe ofesi ya kulikulu singazione: amayi omwe ayamba kukana kukaonedwa ndi wachipatala wina wake, mankhwala a boma omwe akupezeka pa okala, zilonda za jakisoni zomwe zikutukusira mwa ana a mudzi umodzi. Dandaulo la pakamwa limauluka. Lolembedwa, lokhala ndi tsiku, malo, dzina la wodandaulidwa ndi mboni, limakakamiza ofesi kuyankha. Litumizidwe kwa mkulu wa zaumoyo paboma komanso ku bungwe lomwe lidapereka chiphasocho, ndipo mlembi wa komiti asunge kope lake m'buku la misonkhano.