Mpeni wa sipuling'i, wa tupa kapena wa sowo: wolimba ndi uti?

Wogulitsa nyama, wa pachiwaya, wotumbula nsomba ndi wodula nzimbe onse amadalira mpeni, koma ntchito zawo n'zosiyana. Mpeni umene ukuyenda bwino pa tomato ndi kabichi ukhoza kubenthuka tsiku loyamba pa fupa la mbuzi. Sabata ino tikambirane za zitsulo zimene amisiri amasulira mipeni, kuti inu amene mumagwiritsa ntchito kapena kupikula mipeni yosula pamanja musataye mpamba.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza: kuuma ndi kupirira. Chitsulo chouma sichibuntha msanga. Chitsulo chopirira sichithyoka kapena kubenthuka chikamenyedwa. Botolo ndi louma, koma likagwa limasweka. Msomali ndi wopirira, umangopindika, koma ngakhale muunole sungakhalitse uli wakuthwa. Ziwirizi zimakokana: chitsulo chikaumitsitsa, kupirira kwake kumachepa.

Akatswiri amayeza kuuma pa sikelo ya Rockwell. Mipeni yambiri ya kukhitchini imakhala pakati pa 55 ndi 62, pamene zikwanje zambiri zimakhala m'munsi mwake chifukwa ntchito yake ndi yotema. Kupirira amakuyeza pomenya kachidutswa ka chitsulo ndi nyundo yolendewera, n'kuona mphamvu imene yatha kuti kathyoke. Njirayi imadziwika ndi dzina la Georges Charpy wa ku France, amene anaifotokoza mu 1901.

Chimene chimaumitsa chitsulo ndi kaboni. Akachepera 0.3 peresenti, chitsulo sichiuma mokwanira kukhala mpeni. Pakati pa 0.6 ndi 0.8 peresenti, kuuma ndi kupirira zimagwirizana bwino. Akapitirira apo, wotsalayo amapanga timibulu touma m'kati mwa chitsulo. Timibuluti timathandiza kuti mpeni usabunthe msanga, koma ndi pomwenso ming'alu imayambira.

Sipuling'i ya galimoto ndiyo mfumu ya kupirira. Masipuling'i ambiri ndi a chitsulo chofanana ndi cha nambala 5160, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi kromiyamu pang'ono. Anachipangira kupindika n'kubwerera, choncho chimayenera chikwanje, mpeni wa butchala ndi wa nzimbe. Kuipa kwake, chimabuntha msanga poyerekeza ndi tupa, ndipo sipuling'i imene yatumikira zaka zambiri m'misewu ya mabampu ikhoza kukhala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso.

Tupa yakale yabwino imakhala ndi kaboni pafupifupi 1 peresenti kapena kuposa. Mpeni wake umathwa kwambiri ndipo umakhalitsa osanola, koma sufuna nkhanza. Mukaupotoza m'fupa kapena kutsegulira chitini, nsonga imathyoka. Ndi wabwino posenda mbatata ndi kucheka nyama yopanda mafupa. Chenjerani: matupa ena otchipa amaumitsidwa pakhungu pokha, m'kati muli chitsulo chofewa.

Bering'i nthawi zambiri imakhala ya chitsulo cha nambala 52100, cha kaboni 1 peresenti ndi kromiyamu pafupifupi 1.5 peresenti. Imatulutsa mpeni wosabuntha msanga komanso wopirirako, koma n'njovuta kusula ndipo imafuna mmisiri wodziwa moto. Mtengo wake ukakwera musadabwe.

Sowo yaikulu ya pamakina ochekera matabwa imapereka mpeni wopyapyala, wopindika n'kubwerera. Zina mwa sowozi ndi za chitsulo cha 15N20, chokhala ndi kaboni 0.75 peresenti ndi nikelo 2 peresenti, ndipo nikeloyo amawonjezera kupirira. Wa nsomba ndi wa masamba aukonda. Koma sowo zina zili ndi mano okha ouma, thupi lonse n'lofewa.

Zitsulo za m'konkire ndi za m'mawindo zili ndi kaboni wochepa kapena wosadziwika. Mpeni wake suthyoka, ndipo ogulitsa ena amanyadira pamenepo, koma umapinda kukamwa ndipo mudzakhalira kunola kasitomala akudikira.

Chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. N'chothandiza pa malonda a madzimadzi monga nsomba, tomato ndi mandimu. Koma kuchiumitsa kumafuna moto waukulu woyezedwa bwino, umene ndi wovuta kuupeza pa makala ndi mvukuto. Mpeni wotere ndi bwino kugula wa kufakitale.

Chitsulo chabwino chikhoza kuonongeka pachipala. Mmisiri amaotcha mpeni mpaka maginito ataleka kugwira, pa madigiri pafupifupi 770, n'kupitirirako pang'ono, kenako amauviika m'mafuta. Akaviika sipuling'i m'madzi, kawirikawiri imachita ming'alu. Ukachoka m'mafuta, mpeni umakhala wouma ngati galasi, choncho ayenera kuufunditsanso pa moto wochepa. Pa madigiri pafupifupi 200 chitsulo chopalidwa bwino chimaoneka ngati udzu wouma, ndipo umenewo ndi mtundu woyenera mpeni wocheka. Pa madigiri pafupifupi 300 chimabiriwira, kuuma kumatsika, kupirira kumakwera, ndipo apo mpoyenera chikwanje. Mmisiri wothamangira msika akadumpha gawo limeneli, mpeni umathyoka ngakhale utakhala wa sipuling'i.

Nanga pogula muone chiyani? Safunsa anadya phula: funsani kuti wasulidwa ndi chitsulo chanji, anauviika m'chiyani, ndipo anaufunditsanso kapena ayi. Yendani ndi katupa. Kakamatsetsereka kukamwa kwa mpeni osaluma, chitsulo n'chouma. Kakamadya mosavuta, n'chofewa. Ngati pali makina onolera, onani mbaliwali: za chitsulo cha kaboni wambiri zimaphulika n'kuchita nthambi, za chofewa zimangoyenda mizere yaitali. Lendewetsani mpeni ndi chingwe n'kuugogoda. Wang'alu umalira mogontha. Pomaliza pemphani kutema nawo kamtengo kouma kangapo, muone ngati kukamwa kwabenthuka kapena kwapinda. Yang'ananinso kanoledwe: wa mafupa ukhale wochindikala kukamwa, wocheka ukhale wopyapyala.

Kwa inu ogulitsa, musasanjike mipeni yonse mulu umodzi pa mtengo umodzi. Ikani ya sipuling'i payokha, ya tupa payokha, ya sowo payokha, ndipo kasitomala akafika mufunseni ntchito yake musanatchule mtengo. Butchala amene mwamugulitsa mpeni wa tupa adzabwera nawo uli zidutswa ziwiri, ndipo benchi yonse ya nyama idzamva. Muuzeninso kuti sipuling'i, tupa, bering'i ndi sowo zonse zimachita dzimbiri. Akaweruka atsuke, apukute, apake mafuta ophikira pang'ono, osati oyilo wa galimoto, pakuti mpeniwo mawa ukhudza chakudya cha anthu.