Amene amalondola ndalama za ku Chongwe

Ndikamadutsa pa mlatho wa mtsinje wa Chongwe m'chilimwe, n'kuona amayi atasenza zigubu, ndimadzifunsa kuti ndalama za chitukuko zimayenda bwanji. Mu 2022 boma la Zambia lidakweza thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Ndalama zochuluka chonchi zimafuna mlonda.

Mlondayo alipo ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill. Auditor General akafufuza mabuku a boma n'kulemba lipoti, komiti ya aphungu ya Public Accounts imaitana alembi aakulu a maunduna. Amakhala moyang'anizana ndi aphungu, mapepala ali mbwee patebulo, n'kumayankha: malisiti ali kuti, kontrakitala adalipidwiranji ntchito isadathe? Mabuku a makhonsolo, monga ya Chongwe, ali ndi komiti yakeyake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makomiti awiriwa samanga munthu. Amangolemba zoyenera kuchitika, boma n'kuyankha pambuyo pake. Nchifukwa chake ine ndikakumana ndi phungu kapena khansala pamaliro, ndimamufunsa mwaulemu kuti, "Olemekezeka, mjigo udalembedwa m'lipoti uja, madzi akutuluka?"