Mwana wochedwa kukula ali ndi ufulu: kumene mabanja a ku Angónia angapeze thandizo

Ulónguè. Mvula ikagwa, banja lonse limalawirira kumunda. M'makomo ena mumatsala mwana mmodzi atatsekeredwa m'nyumba: wazaka zisanu koma salankhula, kapena wazaka zitatu koma sakhala pansi yekha. Makolo ambiri samachita zimenezi chifukwa cha nkhanza ayi. Alibe womusiyira mwanayo, akuopa pakamwa pa anthu, ndipo sanauzidwepo kumene angapite naye.

Kalembera wa chaka cha 2017 anapeza anthu aulumali oposa 700,000 m'dziko la Moçambique. Ulumali wa mwendo kapena wa maso umaonekera msanga, pamene wa ubongo umabisika, ndipo ana otere ndi amene amachedwa kufika kuchipatala ndi kusukulu.

Chimayambitsa n'chiyani?

M'midzi ya ku Dómuè ndi Ulónguè, monganso kutsidya kwa Dedza ndi Ntcheu, mwana wotere amanenedwa kuti analodzedwa, kapena kuti makolo anakhwimira chuma, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera mayi. Achipatala amadziwa zifukwa zina. Khanda likabanika pobadwa, ubongo umasowa mpweya n'kuwonongeka. Chikasu champhamvu m'masiku oyamba, malungo okwera kumutu, matenda oumitsa khosi, kusowa kwa zakudya m'thupi, kusowa kwa ayodini mwa mayi wapakati ndi kumwa mowa ali ndi pakati, zonsezi zimatha kusiya vuto m'ubongo wa mwana. Ana ena amabadwa nalo, monga a síndrome de Down, ndipo zimachitika m'mitundu yonse ya anthu. Ulumaliwu supatsirana. Khunyu, imene ana ena otere amadwalanso, nayo sipatsirana ndipo mankhwala ake amapezeka kuchipatala.

Zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo kusikelo

Mwana akafika miyezi 9 asanayambe kukhala yekha, miyezi 18 asanayambe kuyenda, kapena zaka 2 osatchula mawu, aonedwe ndi anamwino. Chimodzimodzinso khanda lofooka kwambiri kapena louma thupi, lovutika kuyamwa, losatembenuka likamva phokoso, kapena lokomoka kawirikawiri. M'zipatala za boma muli Consulta da Criança em Risco, kumene amatsata ana ofunika chisamaliro chapadera, ndipo zikavuta amawatumiza ku Hospital Rural de Ulónguè kapena ku Hospital Provincial de Tete. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, odziwika ndi dzina lakuti ma APE, angathe kulozera banja njira. Kufulumira kuli ndi phindu chifukwa ubongo umaphunzira msanga m'zaka zoyambirira. Mbali yowonongeka sibwerera mwakale, koma mwana wolimbitsidwa thupi, wolankhulidwa ndi woseweretsedwa tsiku ndi tsiku amatha kuphunzira kudya yekha, kuvala, ena mpaka kugwira khasu.

Lamulo likuti chiyani?

Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko imanena kuti nzika zaulumali zili ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense, ndipo ndime 125 imalamula banja, anthu ndi boma kuti aziteteze. Mu 2012 Moçambique inavomereza pangano la Nações Unidas la ufulu wa anthu aulumali. Mu Junho 2024 munatuluka lamulo nambala 10/2024, loyamba m'dziko muno lokhudza ufulu wa anthu aulumali paokha. Mabungwe a anthu aulumali, kudzera mu mgwirizano wawo wa FAMOD, analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri.

Pa maphunziro, lamulo la 2018 limakakamiza mwana aliyense kuphunzira mpaka kalasi 9, ndipo boma lili ndi ndondomeko ya 2020 mpaka 2029 yoti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Choncho ulumali si chifukwa chobwezera mwana pa nthawi ya matrícula. Mumzinda wa Tete muli Centro de Recursos de Educação Inclusiva, limodzi mwa malo atatu otere m'dziko lonse. Ena ali ku Gaza ndi ku Nampula.

Chikalata chakubadwa ndiye khomo

Kumalire kuno mabanja ambiri amapita kuchipatala cha ku Malawi chifukwa ndiko kufupi. Mwana wobadwira kumeneko amakhala ndi kabuku ka chipatala cha kutsidya, koma ku Registo Civil sadziwika. Tsiku lopempha thandizo ku INAS, bungwe la boma loona za ovutika, kapena lolembetsa sukulu, chikalata chakubadwa chimafunsidwa. INAS ili ndi Subsídio Social Básico, ndalama zopita kumabanja osauka, kuphatikizapo amene muli munthu waulumali, komanso chithandizo cha zipangizo monga njinga ya olumala. Ndalamazo ndi zochepa ndipo zimatha kuchedwa, koma wosalembetsa sangazione n'komwe. Poyambira ndi kwa mfumu kapena secretário wa dera, kenako ku ofesi ya boma ya Saúde, Mulher e Acção Social ku Ulónguè.

Makolo akagwirizana

Mayi mmodzi wodandaula yekha amabwezedwa mosavuta. Makolo khumi obwera pamodzi, ndi mayina a ana awo papepala, amamvedwa ndi mkulu wa sukulu ndi akuchipatala. Ku Malawi makolo otere anakhazikitsa bungwe lawo la PODCAM. Kuno gulu lingayambire patchalitchi, pakalabu ya alimi kapena pabwalo la mfumu. Ntchito yake yoyamba ndi yapafupi: kuwerenga ana amene sapita kusikelo kapena kusukulu, kusinthana kuyang'anira ana nthawi yopalira ndi yokumba mbatatesi, ndi kukokera abambo m'nkhaniyi kuti katundu asatsalire amayi ndi agogo okha.

Gululi likhalenso maso pa nkhanza. Ana aulumali wa ubongo, makamaka atsikana, amagwiriridwa ndi anthu odalira kuti mwanayo sadzatha kunena. Nkhani yotere siyothera kwa ankhoswe kapena kulipitsana mbuzi. Ikanenedwe kupolisi, kapena pa nambala yaulere 116 ya Linha Fala Criança.