Mzake ndi Mzake: maphunziro a anamwino omwe adafika kumudzi

Ambiri tikamva za mphunzitsi wa anamwino timaganiza za kalasi ndi chipatala basi. Koma ntchito ya Pulofesa Chrissie Kaponda idafika mpaka pansi pa mtengo m'midzi.

Mayi Kaponda, namwino komanso mzamba, adaphunzitsa zaka zambiri ku Kamuzu College of Nursing, sukulu yomwe idatsegulidwa mu 1979 ndipo mu 2021 idakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Digiri yawo ya udokotala adaitenga ku University of Illinois at Chicago ku America.

Kafukufuku wawo adagona pa funso ili: n'chifukwa chiyani anthu amamva za kachirombo ka HIV pa wailesi koma osasintha khalidwe? Iwo pamodzi ndi Pulofesa Kathleen Norr wa ku Chicago adayesa njira yotchedwa Mzake ndi Mzake m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 2000. Anthu ochepa amsinkhu umodzi amakumana kangapo motsogoleredwa ndi mnzawo wophunzitsidwa. Amakambirana momwe kachiromboka kamafalira, kuipa kwa tsankho ndi ubwino woyezetsa magazi. Amayeseranso kuvala kondomu ndi kukamba za kugonana ndi wachikondi wawo popanda manyazi.

Oyamba kuphunzira adali ogwira ntchito zachipatala, poti nawonso ndi anthu ndipo ali pachiopsezo. Kenako iwowa adaphunzitsa akuluakulu ndi achinyamata m'midzi. Kafukufukuyu adapeza kuti omwe adalowa m'magulu adadziwa zambiri za Edzi ndipo ogwiritsa ntchito makondomu adachuluka. Pambuyo pake Dr. Diana Jere ndi anzawo adapititsa njirayi ku Phalombe, komwe magulu ankayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo.

Phalombe ndi anansi athu. Kuno ku Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi asodzi amakhala masabata ambiri kutali ndi mabanja awo, ndipo amayi ena ogula matemba amagonedwa kuti apeze nsomba. Msodzi sangafike kuchipatala kawirikawiri, koma mnzake wa m'bwato amaonana naye tsiku ndi tsiku. Ife alangizi a zaumoyo tiyambe ndi mnzakeyo: timuphunzitse za kuyezetsa, makondomu ndi kumwa ma ARV mokhulupirika, kuti uthengawu ukafike pa dooko.