Chibayo: Musathamangire Khasu Mapapo Asanapole

Chibayo ndi nthenda ya m'mapapo imene yakhala ikusautsa anthu m'midzi mwathu kuyambira kalekale. Mankhwala ake alipo m'zipatala, ndipo odwala ambiri amene afika msanga amachira. Komabe pali vuto limodzi limene madokotala ndi anamwino amakumana nalo kawirikawiri. Wodwala akamwa mankhwala masiku awiri kapena atatu, thupi n'kusiya kutentha, amayesa kuti wachira. Bambo amanyamula khasu ulendo wakumunda, mayi amasenza ndowa kupita kuchitsime. Pasanathe masiku ambiri, yemwe uja amabweranso kuchipatala atamukweza panjinga, akubanika kuposa poyamba. Kutha kwa kutentha thupi sikutha kwa chibayo. Tiyeni tione chifukwa chake.

Kodi chibayo chimachita chiyani m'mapapo?

M'mapapo mwa munthu muli timatumba ting'onoting'ono tochuluka zedi. Tikakoka mpweya, timatumbati timadzadza, ndipo magazi amatengamo mpweya wabwino wa okosijeni n'kukaugawira ziwalo zonse. Tizilombo ta mabakiteriya, makamaka totchedwa pneumococcus, tikalowa m'timatumbati timaswana mofulumira. Thupi limatumiza asilikali ake a m'magazi kukamenyana nato, ndipo pankhondoyo timatumba tija timadzadza madzi ndi mafinya. N'chifukwa chake wodwala amatentha thupi, amanjenjemera, amatsokomola makhololo achikasu kapena a mtundu wa dzimbiri, amapuma mofulumira, ndiponso amamva kubaya m'nthiti akamakoka mpweya.

Mankhwala monga amoxicillin kapena jakisoni wa penisilini amapha tizilombo tija. Koma mankhwala sasesa m'mapapo. Mafinya ndi zinyalala zina za nkhondoyo zimatsalira momwemo, ndipo thupi lenilenilo ndilo limazichotsa pang'onopang'ono, zina m'makhololo, zina kudzera m'magazi. Taganizirani dimba limene lasefukira madzi. Mvula ikakata, mlimi sadzala tsiku lomwelo. Amayembekeza kuti madzi aphwe ndi matope aume. Mapapo nawonso ali chimodzimodzi.

Kuchira kumatenga nthawi yotani?

Anthu amasiyana, koma kwa munthu wamkulu amene akumwa mankhwala moyenera zimayenda motere. Pakatha masiku 2 kapena 3 amayamba kupezako bwino. Pakatha sabata imodzi kutentha thupi kumakhala kutatha. Pakatha masabata 4 kubaya m'nthiti ndi makhololo zimachepa kwambiri. Pakatha masabata 6 chifuwa ndi phuma zimakhala zitachepa. Kufooka ndiko kumachedwa kuchoka, pakuti ena amamvabe kutopa kufikira miyezi 3, ndipo ena mphamvu zawo zonse zimabwerera pakatha miyezi 6. Okalamba, odwala shuga, odwala mtima ndi amene ali ndi kachilombo ka HIV kawirikawiri amachedwerapo.

Tsono munthu akagwira ntchito yolemetsa mapapo ali otere, minofu yake imafuna mpweya wochuluka umene mapapo sangathe kupereka. Mtima umakakamizidwa kugunda mofulumira, ndipo mphamvu zimene thupi likanagwiritsa ntchito pokonza mapapo zimathera kumunda. Makolo athu anati kuthamanga sikufika. Amene akakamira kupanga mizere sabata yoyamba akhoza kugona mwezi wathunthu, nthawi yodzala n'kumupitirira.

Kupumula kwenikweni n'kotani?

Kupumula sikugona chagada tsiku lonse m'nyumba yotsekedwa. Kugona koteroko kumachititsa kuti makhololo aunjikane m'mapapo. Wodwala atsate malangizo awa:

1. Masiku oyambirira, thupi likadali lotentha, agone mokwanira usiku ndi usana, koma atsamire pa mtsamiro kapena pa bulangeti lopindapinda kuti chifuwa chikhale chokwera.

2. Akakhala maso, azikhala tsonga nthawi ndi nthawi, akoke mpweya wambiri pang'onopang'ono kangapo, kenaka atsokomole kuti makhololo atuluke. Ngati m'nthiti mukubaya, akumbatire nsalu yopinda pamalo popwetekapo. Atsokomolere pansalu kapena pachigongono, ndipo asambe m'manja ndi sopo.

3. Thupi likasiya kutentha, ayambe kuyendayenda pabwalo, n'kumawonjezera mtunda tsiku ndi tsiku. Akaona kuti sangathe kulankhula bwino chifukwa cha phuma, akhale pansi.

4. Ntchito zopepuka monga kutong'ola chimanga kapena kusankha nyemba ndizo ziyambe. Kulima, kusinja, kuwaza nkhuni, kuumba njerwa ndi kupalasa njinga yonyamula katundu zidikire kufikira wodwala atamayenda mtunda wabwino osabanika.

5. Amwe madzi aukhondo ambiri, thobwa kapena tiyi, pakuti zakumwa zimafewetsa makhololo. Adye pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, usipa, nyemba, bonongwe, nkhwani, mapapaya ndi malalanje.

6. Atalikire utsi. Asakhale m'khitchini moyaka nkhuni, ndipo mbaula isagone m'chipinda chake. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, zimafooketsa mapapo ndi chitetezo cha thupi.

Pamwamba pa zonsezi, amalize mankhwala monga momwe adokotala anenera. Kusiya mankhwala panjira, kapena kusungira m'bale wina mapiritsi otsala, kumapatsa mpata tizilombo totsala kuti tiswanenso. Kutema mphini pachifuwa sikuchotsa mafinya amene ali m'kati mwa mapapo. Kumangowonjezera zilonda ndi kuchedwetsa wodwala kulandira chithandizo.

Za ana aang'ono

Mwana amene akuchira chibayo musamukakamize kugona ngati akufuna kusewera pang'ono, koma musamutume kotunga madzi kapena kobusa mbuzi. Woyamwa apitirize kuyamwa pafupipafupi. Amene anayamba kudya muzimupatsa chakudya chowonjezera kamodzi patsiku kwa masabata 2 kuti thupi libwerere. Phunzirani kuwerenga kapumidwe kake ali phee. Mwana wosakwana miyezi 2 akamapuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, ndi wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo aonedwe ndi achipatala. Kumbukiraninso kuti kuyambira chaka cha 2011 ana m'Malawi muno amalandira kusikelo katemera woteteza ku tizilombo ta pneumococcus. Onetsetsani kuti mwana wanu walandira katemera yense wolembedwa m'buku lake lachipatala.

Bwererani kuchipatala msanga mukaona izi

Wodwala sakupezako bwino patatha masiku 3 akumwa mankhwala, kutentha thupi kwabwereranso kutatha, phuma likukulirakulira, milomo yasintha mtundu, akutsokomola magazi, akusokonezeka mutu kapena akungogona, mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena m'munsi mwa chifuwa chake mukulowa m'kati akamakoka mpweya. Zikatere musadikire kuti kuche. Komanso ngati chifuwa chapitirira masabata 2 osachepa, makamaka pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku, kayezetseni makhololo, pakuti chifuwa chachikulu cha TB nthawi zina chimayamba ngati chibayo. Ndi bwinonso kuyezetsa magazi kuti mudziwe ngati muli ndi kachilombo ka HIV kapena ayi.

Udindo wa banja ndi mudzi

Tikudziwa kuti wodwala sathamangira kumunda chifukwa cha liuma lokha. Amaopa njala, amaopanso kunenedwa ulesi. Amayi ndiwo amavutika koposa, pakuti iwo akagona moto suyaka pakhomo. Apa mpamene banja liyenera kuonetsa chikondi. Abambo, mayi wa kunyumba akadwala chibayo, tengani ndowa ndi nkhwangwa popanda manyazi. Achibale, anzathu a mumpingo ndi a mumzikiti, kalimireni mnzanu masiku ochepa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nanunso mafumu ndi alangizi a zaumoyo, kumbutsani anthu pamisonkhano kuti wochira chibayo akakhala pakhonde sikuti wachita ulesi. Thupi lake lili pantchito yaikulu yokonza mapapo, ndipo likapatsidwa nthawi, munthuyo adzabwerera kumunda ndi mphamvu zake zonse.